Momwe mungaunikire zifukwa zimene mphunzitsi wa chiyankhulo amapereka pa chikonzekero chake

Lolemba m'mawa pa desiki ya a Hedi kapena ya mkulu wa sekishoni pamaunjikana makope a zikonzekero za maphunziro. Nthawi zambiri ntchito imathera poyang'ana tsiku, mutu wa phunziro ndi kuona ngati zigawo zonse zadzazidwa, kenako siginecha ya bolopeni yofiira. Chimene chimakanika ambiri ndi chotsatira chake: kufunsa mphunzitsi wa Chichewa kapena wa Chingerezi chifukwa chimene wasankhira kuphunzitsa mwa njira imeneyo, ndi kutha kuzindikira ngati yankho lake lili ndi mutu. Ena safunsa n'komwe poopa kuoneka ngati akutola zifukwa. Ena amafunsa, akayankhidwa kuti "ndi mmene buku lanenera", amagwedeza mutu nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuno ku Mangochi funsoli ndi lolemera kuposa mmene ambiri amalionera. Buku la mphunzitsi lochokera ku MIE (bungwe lokonza silabasi ndi mabuku a sukulu) ku Domasi ndi limodzi dziko lonse, koma mwana wa Sitandade 1 ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Katuli amabwera kusukulu akuyankhula Chiyao, pamene mnzake wa cha kwa Nankumba mwina wakulira m'Chinyanja. Chikonzekero chimodzi sichingawakwane onsewa popanda mphunzitsi kuganizapo. Malangizowa ndi a inu a Hedi, achiwiri awo, akulu a masekishoni, a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'zoni), komanso aphunzitsi amene mwapatsidwa ophunzira a ku TTC (koleji ya uphunzitsi) kuti muziwathandiza. Chimene mukuyesa si kukongola kwa kope. Mukuyesa ngati mphunzitsi akudziwa ana amene wawakonzera phunzirolo.

Zofunika kukhala nazo

- Chikonzekero cha phunziro lomwe mukufuna kuunika, pamodzi ndi cha dzulo lake. Cha dzulocho musachisiye, chifukwa gawo la m'munsi pomwe mphunzitsi amalemba mmene phunziro layendera lidzakuthandizani kwambiri.
- Skimu ndi rekodi ya teremu imeneyi.
- Silabasi, buku la mphunzitsi ndi buku la ophunzira a kalasiyo.
- Makope 6 a ana, osankha inu nokha.
- Rejisitala ndi buku lomwe mphunzitsi amalembamo mmene ana akukhozera.
- Kope lanu, pensulo ndi wotchi. Foni ikhoza kugwira ntchito ya wotchi, bola ikhale chete.
- Mphindi 10 phunziro lisanayambe ndi mphindi 15 litatha, pamalo pomwe aphunzitsi ena sakumva.

Sitepe 1: Werengani nokha phunzirolo m'buku

Musanatsegule kope la mnzanu, tsegulani buku la mphunzitsi pa phunziro lomwelo. Onani zizindikiro za kakhonzedwe (zimene ana ayenera kutha kuchita phunziro likatha), zipangizo zimene zatchulidwa, ndi ndondomeko ya ntchito kuchokera pa chiyambi mpaka mathero. Kenako yang'anani mu skimu ngati phunziroli lili pamalo pake sabata imeneyi.

Chenjezo: mukadumpha sitepe iyi simudzatha kusiyanitsa chimene mphunzitsi wakopera ndi chimene waganiza yekha. Mudzamuyamikira pa nzeru za olemba buku, kapena kumudzudzula pa chinthu chimene bukulo ndi lomwe lamuuza.

Sitepe 2: Sankhani malo atatu okha ofunsapo

Ikani buku ndi chikonzekero pamodzi, muzichonga ndi pensulo. Funani malo amodzi pomwe mphunzitsi watsatira buku ndendende, ena pomwe wasintha kapena kuwonjezera, ndi ena pomwe wasiya chinthu. Akhoza kukhala kuti wasintha mawu a chitsanzo, waika ntchito ya awiriawiri pomwe buku likuti m'magulu, wabwereza phunziro la dzulo, kapena wadumpha nkhani yomvetsera. Atatuwo akukwanirani. Mukafunsa pa mzere uliwonse, mnzanuyo amasiya kuganiza n'kuyamba kudziteteza.

Sitepe 3: Funsani phunziro lisanachitike

Chifukwa chimene munthu wapereka asanaphunzitse ndicho chimasonyeza mmene anaganizira pokonzekera. Chimene amapereka phunziro litalephereka kawirikawiri chimakhala chopepesera. Choncho khalani naye pansi m'mawa, kapena madzulo a tsiku lapitalo.

Kafunsidwe kali ndi ntchito yaikulu. "Bwanji simunatsatire buku?" ndi funso la pabwalo la milandu. Yesani chonchi: "Aphunzitsi, ndaona kuti apa mwachotsa mawu awiri a m'buku n'kuikapo anu. Tandithandizani, munaona chiyani mwa ana anu?" Kapena: "Madamu, nkhani yomvetserayi mwaisiyira mawa. Munaganizapo zotani?" Mukafunsa, khalani chete. Musamalizire chiganizo chake, ndipo musamupatse mayankho oti asankhepo. Mukangoti "kapena n'chifukwa cha kuchepa kwa mabuku?" iye avomera, ndipo chimene mwalemba m'kope lanu ndi nzeru zanu, osati zake.

Lembani mawu ake monga mmene wawanenera. Mudzawafuna pa sitepe 8.

Sitepe 4: Yesani chifukwa chilichonse ndi mafunso anayi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye musathamange.

Funso loyamba: kodi chifukwachi chikunena za ana awa, kapena chikhoza kunenedwa pa kalasi ina iliyonse m'Malawi? Mphunzitsi akati "ndaika magulu chifukwa masiku ano amafuna ana azitenga mbali", wanena mawu a ku maphunziro a ku TDC (malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakasulidwira), koma sananene kanthu za kalasi yake. Yerekezani ndi uyu: "Mabuku amene atsala ndi 18, ana amabwera pafupifupi 90. Ndawaika asanuasanu, ndipo gulu lililonse ndaikamo mmodzi amene amatha kale maphatikizo a sabata yatha." Wachiwiriyu wawerenga mabuku ake, akudziwa ana ake, ndipo waganiza za amene adzakhale pafupi ndi ndani. Msodzi wa usipa mukamufunsa chifukwa chake sanalowe panyanja usiku, sayankha kuti "ndi mmene timachitira". Amakuuzani za mwezi umene ukuwala kapena za mwera umene wayamba. Yankho la mphunzitsi lizikhala ndi zinthu zooneka ngati zimenezo.

Funso lachiwiri: umboni uli pati? Akati "ana anga sanamve phunziro la dzulo, n'chifukwa chake ndikubwereza", mufunseni mwaulemu kuti anadziwa bwanji. Yankho labwino limaloza penapake: makope amene anachonga, ana amene anawawerengetsa mmodzimmodzi, kapena zimene analemba m'munsi mwa chikonzekero cha dzulo. Tsegulani pamenepo. Mukapeza palembedwa kuti "phunziro linayenda bwino, ana onse anamva", koma lero akuti sanamve, chimodzi mwa ziwirizi chinalembedwa mwa mwambo chabe. Musamukalipire. Muonetseni mizere iwiriyo, mumufunse kuti woona ndi uti.

Funso lachitatu: kodi chimene wasankhacho chikufikitsa ana pa zizindikiro za kakhonzedwe? Ili ndi limene limagwetsa zikonzekero zambiri zooneka bwino. Chizindikiro chikuti ophunzira awerenge mawu okhala ndi phatikizo lakutilakuti, koma ntchito zonse zalembedwa ndi kuimba nyimbo, kubwereza pamodzi pambuyo pa mphunzitsi ndi kukopera pa bolodi. Ana asangalala, kalasi ichita phokoso labwino, koma palibe mphindi imene mwana adzayang'ane mawu yekha n'kuwerenga. Funsani kuti: "Ndi pa ntchito iti pamene mudzadziwe kuti mwana wawerenga, osati kuloweza?" Pa Chingerezi vutoli limakula. Chizindikiro chikati ana afunse ndi kuyankha mafunso, koma woyankhula m'chikonzekero monse ndi mphunzitsi, chifukwa chilichonse chimene angapereke sichikugwira.

Funso lachinayi: panali njira ina imene anaiganizira n'kuisiya? Munthu amene wasankhadi amatha kutchula chimene sanasankhe. "Ndikanatha kugwiritsa ntchito tchati, koma tikuphunzirira pansi pa mtengo ndipo mphepo imachotsa, ndiye ndalemba makhadi oti agwire m'manja." Ameneyu waganiza. Amene akuti "palibenso njira ina" kawirikawiri amangochita zimene anazolowera.

Nanga yankho lija lakuti "ndi mmene buku lanenera"? Ine sindilitenga ngati yankho loipa. Kuyambira pamene National Reading Programme, ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga, inayamba mu 2016, maphunziro a Chichewa ndi Chingerezi a m'makalasi ang'onoang'ono analembedwa mwatsatanetsatane, ndipo ndondomeko yake ili ndi cholinga: mphunzitsi amaonetsa yekha, kenako amachita pamodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Wotsatira zimenezi sakulakwa. Koma yankholo ndi theka chabe. Onjezerani funso limodzi: "Inu mukuganiza kuti olemba bukuli anaikiranji ntchito yomvetsera liwu patsogolo pa kulemba lembo?" Akayankha kuti mwana sangalumikize lembo ndi liwu limene khutu lake silinaligwire, ndiye kuti akutsatira buku akudziwa chimene akuchita, ndipo tsiku limene mabuku adzasowe adzaphunzitsabe bwino. Akasowa chonena, mwapeza pomuthandizira.

Sitepe 5: Funsani za chiyankhulo cha kunyumba kwa ana

Kwa mphunzitsi wa chiyankhulo m'boma lino, funso ili lisamasowe, ngakhale litakhala kuti silinali pa malo atatu aja. Mufunseni: ndi ana angati m'kalasi muno amene kunyumba sayankhula Chichewa, ndipo chikonzekerochi chawaganizira pati?

Mvetserani bwino yankho. Pali aphunzitsi ena, makamaka amene angotumizidwa kumene kuchokera kumaboma ena, amene amati "ana a kuno ndi ovuta kumva". Chimenecho si chifukwa, ndi kutaya mtima, ndipo musachilembe ngati chifukwa. Mwana amene akuti mesi m'malo mwa madzi, kapena somba m'malo mwa nsomba, akudziwa bwino lomwe chinthucho. Chimene akusowa ndi dzina lake m'chiyankhulo cha m'buku. Mphunzitsi amene wazindikira zimenezi amakuuzani kuti: "Mawu atsopano ndiyamba ndaonetsa chinthucho, ndiwalole atchule m'Chiyao, kenako ndiwapatse la Chichewa, tibwereze m'chiganizo." Chimenecho ndi chifukwa cholimba, ngakhale chitadya mphindi zingapo zimene buku silinaike.

Pa maliwu ndi pamene mungaone mphunzitsi wakuya. Chiyao sichisiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh monga mmene Chichewa chimachitira, ndipo liwu la z mulibe, n'chifukwa chake mbuzi amati mbusi. Choncho mwana akalemba pala pomwe amafuna phala, kapena kola pomwe amafuna khola, si ulesi. Khutu lake silinazolowere kumva kusiyanako. Mphunzitsi akakuuzani kuti wawonjezera nthawi pa phunziro la ph, ndipo adzawauza ana kuika chikhatho patsogolo pa kamwa kuti amve mpweya ukutuluka pa phala koma osati pa pala, mupatseni ulemu wake. Wasintha buku pa chifukwa chimene chikuchokera mwa ana ake.

Chenjezo: mbali inayo iliponso. Ena amamasulira chiganizo chilichonse cha Chingerezi m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'kumati "apo ayi samva". Afunseni kuti ndi liti pamene mwana adzafunike kumvetsera Chingerezicho, ngati akudziwa kuti kumasulira kukubwera. Kugwiritsa ntchito chiyankhulo cha kunyumba kukhale ndi malo ake odziwika m'chikonzekero, ndipo mphunzitsi athe kunena kuti apa ndichigwiritsa ntchito, apa ayi, pa chifukwa chakuti.

Mphunzitsi amene sadziwa Chiyao asaweruzidwe pa chimenecho. Funso ndi lakuti wachitapo chiyani. Kodi wafunsa mnzake wa kalasi yoyandikana nayo mawu a sabata imeneyo? Kodi wapeza ana odziwa ziyankhulo zonse ziwiri n'kuwamwaza m'magulu?

Sitepe 6: Lowani m'kalasi ndi mawu ake m'manja

Khalani kumbuyo kapena pambali, pomwe mukuona nkhope za ana. Musakonze cholakwa chilichonse ana akuona. Ntchito yanu ndi imodzi: kuona ngati zimene ananena zija zikuchitika. Anati gulu lililonse lili ndi mwana wodziwa maphatikizo. Pitani pa gulu la kumapeto muone amene wagwira buku, ndi angati akuliona mozondoka, ndi angati sakuliona n'komwe. Yang'anani wotchi: gawo loti ana achite okha latenga mphindi zingati? Nthawi zambiri ndi limene limadyedwa belu likayandikira, chonsecho ndi limene limasonyeza ngati aphunzira.

Mphunzitsi akapatuka pa chikonzekero chake phunziro lili mkati, lembani pomwe wapatukira, koma musafulumire kuchiyesa cholakwa. Mwina waona kuti ana atayika.

Sitepe 7: Tengani makope ndipo werengetsani ana

Sankhani nokha: awiri a kutsogolo, awiri a pakati, awiri a kumbuyo, atsikana ndi anyamata. Mukamusiyira mphunzitsi, akupatsani a ana okhoza okhaokha, ndipo n'zachibadwa. Kenako itanani ana atatu, mmodzimmodzi, muwalozere mawu a lero mosatsata ndondomeko imene anali pa bolodi. Woloweza amaonekera pomwepo.

Sitepe 8: Bwererani ku zifukwa zija

Yambani ndi iye: "Aphunzitsi, mwaliona bwanji phunziro lanu?" Kenako muwerengereni mawu ake a m'mawa, muike pambali pake zimene mwaona. "Munati mwasankha magulu a asanu kuti aliyense aone buku. Pa gulu la pakhomo paja, awiri anali kumbuyo kwa buku nthawi yonse. Mukuganiza kuti tingatani?"

Siyanitsani zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa kawirikawiri. Chifukwa chikhoza kukhala chabwino koma kachitidwe n'kulephereka, ndipo phunziro likhoza kuyenda bwino mwamwayi popanda kuganiza kulikonse. Woyambayo akufunika kuthandizidwa pa kayendetsedwe ka kalasi. Wachiwiriyo akufunika kuthandizidwa pa kakonzekeredwe, ngakhale lero waoneka ngati katswiri. Funso lomaliza likhale la mawa: "Kutengera zimene mwaona lerozi, chikonzekero cha mawa musintha pati?" Amene akuti sasintha kanthu chonsecho theka la kalasi silinawerenge, ndiye kuti sanayambe kulumikiza kuyesa ana ndi kukonzekera.

Pa nkhani ya kujomba, tsegulani rejisitala. Ndi zoona kuti m'madera ena ana amachepa tsiku la msika, Lachisanu nthawi ya swala (mapemphero a Chisilamu) ikayandikira, nsomba zikamaphedwa kwambiri, kapena kumayambiriro kwa chaka cha sukulu pamene ena amachedwa kubwera kuchokera ku zinamwali. Mphunzitsi amene akuti waika kubwereza pa tsiku limene ana amachepa, ndipo phunziro la lembo latsopano waliika pa tsiku limene amadzaza, wagwiritsa ntchito rejisitala mwanzeru. Chimodzimodzi amene m'mwezi wa Ramadan, kapena m'nyengo yotentha ya Okutobala, wakambirana nanu zoika ntchito yolemetsa m'mawa. Koma amene amatchula kujomba pa funso lililonse, muonetseni mayina a ana amene sanajombepo teremu yonse koma sakuwerengabe.

Sitepe 9: Lembani mwachidule, muike tsiku lobwerera

Pa malo atatu aja, lembani chimodzi mwa izi: chifukwa cholimba, chifukwa chofunika umboni, kapena palibe chifukwa. Malikisi sakufunika. Pansi pake lembani chinthu chimodzi chabwino chimene apitirize, ndi chimodzi chokha choti asinthe, chotheka sabata yomweyo. "Konzani kaphunzitsidwe kanu" si ndemanga. "Mawa werengetsani ana 5 a kumbuyo, mulembe mayina awo m'munsi mwa chikonzekero" ndiyo ndemanga. Sainani nonse awiri, ndipo mubwerenso pasanathe masabata awiri. Mukapeza vuto lomwelo kwa aphunzitsi angapo, litengereni ku maphunziro a aphunzitsi a pasukulu panu kapena kwa a PEA kuti likakambidwe ku zoni, popanda kutchula mayina.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukopeka ndi pakamwa. Mphunzitsi wodziwa kuyankhula, amene amatchula mawu akuluakulu a ku koleji, amapatsidwa ndemanga yabwino, pamene mayi wachikulire amene waphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri n'kumangoti "ndimawaona m'maso kuti sanamve" amayesedwa wopanda chifukwa. Mufunseni mayiyo kuti ndi ana ati, ndipo akutchulirani mayina ndi lembo limene aliyense akukanika. Umenewo ndi umboni, kungoti sunalembedwe. Muthandizeni kuulemba.

Kufuna kuti ayankhe m'Chingerezi. Zimene mukuyesa ndi maganizo ake, ndiye mulekeni afotokoze m'chiyankhulo chimene amaganizira, ngakhale phunzirolo litakhala la Chingerezi.

Kuyesa chifukwa potengera mmene inu mukanaphunzitsira. Njira yake ikhoza kusiyana ndi yanu n'kukhalabe yolondola, bola ipambane mafunso anayi aja.

Kulanga kusintha kulikonse. Mukachita zimenezi kamodzi, aphunzitsi onse pasukulupo amayamba kukopera buku liwu ndi liwu m'chikonzekero, n'kumakachita zina m'kalasi. Kuyambira pamenepo makope amene mukusaina sakukuuzaninso zoona.

Kuvomereza kusowa kwa zipangizo ngati yankho la zonse. Mabuku ndi ochepadi, makalasi ndi odzazadi, ndipo musachite ngati simukudziwa. Koma kuchepa kwa mabuku sikufotokoza chifukwa chimene sanalembere mawu pa makatoni a sopo, kapena chimene ana sanalembere malembo pamchenga umene uli panja pomwepo. TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, tonse tinaiphunzira.

Kufunsa pagulu. Mu ofesi muli aphunzitsi ena, kapena pakhonde ana akumva, palibe amene angavomere kuti apa sindinaganizepo. Kwa ophunzira a ku TTC n'zoopsa kwambiri, chifukwa amaganiza kuti yankho lililonse likukhudza malikisi awo, ndiye amangobwereza za m'manotsi. Auzeni poyamba kuti kukambiranaku n'kowathandiza, kenako muyambe ndi malo amene achita bwino.

Kufuna kuunika aphunzitsi onse sabata imodzi. Sankhani awiri pa sabata, muyambe ndi a Sitandade 1 ndi 2, kumene mwana amene waphonya maliwu amavutika nazo mpaka kukafika pa mayeso a MANEB ku Sitandade 8. Ena onsewo asainireni monga mwa masiku onse mpaka nthawi yawo itakwana.